Zaka zinayi ku yunivesite kuti akaphunzitse ana a zaka zinayi

Tsiku limene mwana wanga wamkazi ananena zoti akufuna kukaphunzira za ana aang'ono, tinali pakhonde tikusankha mbatatesi ya mbewu. Malume ake, omwe ndi achimwene anga aakulu, anabwera kudzamva za mayeso ake a kalasi 12, pakuti kwathu kuno ku Angónia nkhani ya tsogolo la mwana siithera m'nyumba malume asanaimve. Iwo anabwera atamanga kale mfundo. Mwanayo akalembe mayeso olowera ku sukulu ya zaulimi ya UniZambeze pa Ulongué pompa, kapena apite ku Tete akaphunzire za migodi, popeza malasha a ku Moatize amalemba anthu ntchito. Atamva mawu akuti Educação de Infância anafunsa kuti zimenezo n'zotani pa Chichewa.

"Ndi uphunzitsi wa ana amene sanayambe kalasi 1, malume."

Achimwene anaponya mbatatesi ija m'lichero, n'kumuyang'ana kwa nthawi. "Zaka zinayi, ndalama zonsezo, kuti ukaphunzire kuimbitsa ana nyimbo ndi kuwapukuta mamina? Agogo ako analera ana asanu ndi atatu, pepala analibe."

Sindinawayankhe. Mlongo wako wamkulu sumutsutsa ana akumva. Koma mawu awo anandikhala pamtima mpaka lero, chifukwa si awo okha. Ndawamva kumsika, ndawamva kutchalitchi, ndawamvanso kwa aphunzitsi anzanga, amene ndimayembekeza kuti ndiwo angamvetse msanga.

Ine ndaphunzitsa kalasi 1 kwa zaka 19, pa sukulu ina chakufupi ndi phiri la Domwe. Sukulu imatsegulidwa mvula ili pakati, ndipo sabata yoyamba ndimalandira ana oposa 70, matope ali m'miyendo, ena atagwira dzanja la mkulu wawo osafuna kulisiya. Mkati mwa masiku atatu onse amakhala atadziwa kuimirira n'kufuula "Bom dia, senhora professora." Kufuulako sikuvuta. Chimavuta n'chimene chimabwera pambuyo pake. Ukapatsa mwana buku amaligwira chadodolido ndipo sadziwa kuti lili chadodolido, chifukwa sanaonepo munthu akutsegula buku. Wina amafumbata pensulo ngati mpini wa khasu, n'kuboola pepala. Chaka china kamtsikana kena kanadzikodzera pamphasa, kali phee, misozi ikutsika. Nditakatengera panja n'kukafunsa m'Chichewa, kanati kamaganiza kuti m'kalasi saloleza kulankhula chilankhulo cha kunyumba, ndiye sikanadziwe mopemphera kutuluka. Kanali katakhala chonchi kuyambira m'mawa.

Pakati pa ana amenewa pamakhala kagulu, mwina khumi, mwina khumi ndi awiri, kosiyana ndi anzawo. Sikuti ndi anzeru kuposa enawo ayi. Makolo awo ndi alimi omwewo, nsima yake ndi ya mgaiwa womwewo. Koma iwowa amadziwa kudikira nthawi yawo, amadziwa kuti chithunzi chimanena nkhani, ndipo chachikulu, saopa kufunsa munthu wamkulu funso. Sindichita kufunsa kumene achokera. Ndi ana a ku escolinha, kasukulu ka mkaka ka m'mudzi, ya azakhali anga.

Escolinha imeneyi ndi chisakasa cha udzu kuseri kwa tchalitchi. Muli mphasa zinayi, chidebe cha madzi ndi kapu, thumba la zitsekerero za mabotolo, zitsononkho zopakidwa makala ndi dothi lofiira, ndiponso tizidole ta dongo timene anawo amaumba okha. Azakhali analekezera sukulu kalasi 5. Maphunziro a ntchitoyi anachita kwa masabata awiri, kalekale, pamene bungwe lina linabwera m'dera lathu. Malipiro ndi chimene makolo apereka: ndowa ya chimanga pokolola, tsiku lina nyemba, miyezi yambiri palibe. Koma muwaone akugwira ntchito. Mwana akamalowa amangomuyang'ana m'maso n'kudziwa kuti uyu wagona ndi njala, ndipo phala likapsa amayambira iyeyo popanda anzake kuzindikira. Akati "Padangokhala," ana 40 amayankha "Tili tonse" ngati pakamwa pamodzi, ndipo nthano ikafika pakati amaima dala, n'kufunsa kuti Kalulu achite chiyani tsopano. Ana amakangana, aliyense ndi nzeru zake. Ine ku sukulu ya aphunzitsi anandiphunzitsa dzina la njira imeneyi m'Chipwitikizi. Azakhali dzinalo salidziwa, koma amaichita bwino kuposa ine.

Ndiye achimwene akunena zoona? Pepala n'losafunika? Pali nkhani ya kamnyamata kena imene ndiyenera kuifotokoza, ndipo azakhali anandilola.

Kanabwera ku escolinha kali ndi zaka zinayi. Sikankamvera. Akati khalani pansi, iko kali chiimire. Akakaitana kuchokera kumbuyo, sikatembenuka. Nthano ikamanenedwa kankatembenukira kukhoma n'kumaseweretsa miyala, ndipo anzake akakakhudza mwadzidzidzi kankawamenya. Mudzi wonse unagamula kuti ndi kamwano, katengera atate ake. Azakhali, munthu woleza mtima chotero, nawonso anafika pokalanga pokakhazika pakona. Kanakhala zaka ziwiri kumeneko, kenaka kanabwera m'kalasi mwanga, ndipo ine, wa satifiketi yanga, ndinakaika kumbuyo chifukwa kankasokoneza. Kanali ndi zaka 7 pamene namwino wina ku chipatala, pokaona khutu lotuluka mafinya, anazindikira kuti mwanayo samva bwino makutu onse awiri. Zaka zitatu tinkamukalipira mwana chifukwa cha mawu amene sankawamva. Azakhali atauzidwa analira ngati pamaliro. "Ndinamuchimwira mwana wa eni," anatero, "koma ndani akanandiuza?"

Mwana wanga anali ndi zaka 12 pa nthawiyo, ndipo masiku a tchuthi ankathandiza azakhali kugawa phala. Anaona zonsezi. Sanalankhulepo kanthu mpaka tsiku lija la mbatatesi, madzulo malume ake atapita, pamene anandiuza kuti funso la azakhali lija ndi limene akufuna kukaliyankha.

Chikondi azakhali ali nacho chosefukira, luso lonena nthano analandira kwa amayi awo. Chimene analibe ndi chimene munthu sangachitole m'mudzi ngakhale atalera ana 100: kudziwa kuti mwana wa miyezi yakuti amayenera kutembenukira kumene kwamveka phokoso, kuti wa zaka ziwiri amayamba kulumikiza mawu awiri, kuti kusamvera kwina ndi matenda, kwina ndi njala, kwina ndi mantha a zimene akuona kunyumba. Zimenezi anthu anazifufuza kwa zaka zambiri, n'kuzilemba, ndipo zimaphunziridwa. Ife tazolowera kuganiza kuti mphunzitsi amakula ndi kalasi yake: wa sekondale ndi bwana, wa pulayimale ndi wapakati, wa ana aang'ono ndi wolera chabe. Ine amene ndagwira ntchitoyi ndikuti n'zotembenuza. Mwana wa zaka 15 akapanda kumva amakweza dzanja. Wa zaka zinayi sadziwa n'komwe kuti sanamve. Mphunzitsi wake ayenera kuwerenga nkhope, kaimidwe, kagwiridwe ka supuni, pakuti mwanayo sangadzifotokozere.

Dziko lathu lachedwa kuivomereza mfundo imeneyi, koma layamba. Kwa nthawi yaitali ana osakwana zaka 6 ankaonedwa ngati nkhani ya unduna wosamalira anthu, osati wa maphunziro, ndipo amene ankapita ku escolinha anali ochepa kwambiri, ambiri a m'mizinda. Pakati pa 2008 ndi 2010, m'chigawo cha Gaza, bungwe la Save the Children linatsegula ma escolinha a m'midzi, ndipo akatswiri a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse anatsatira anawo powayerekeza ndi a midzi imene inalibe. Anapeza kuti ana odutsa ku escolinha ankalowa sukulu ya pulayimale mochuluka ndi 24 pa 100 alionse kuposa anzawo. Zitatero, mu 2012 boma linakhazikitsa ndondomeko ya kakulidwe ka ana osanayambe sukulu yotchedwa DICIPE, ndipo panakonzedwa ma escolinha 350 m'zigawo zisanu, Tete ali momwemo pamodzi ndi Gaza, Maputo, Nampula ndi Cabo Delgado. Kenaka lamulo la nambala 18 la chaka cha 2018, lomwe lija linakweza sukulu yokakamiza kufika kalasi 9, linaika maphunziro a ana osakwana zaka 6 kukhala nthambi yakeyake m'dongosolo la maphunziro a dziko lonse. Nthambi ikaikidwa m'lamulo imafuna anthu ake: ophunzitsa anawo, ophunzitsa aphunzitsiwo, olemba zoti ziphunzitsidwe, oyendera. Anthu amenewa sagwa kumwamba. Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo ili ndi digiri yotchedwa Desenvolvimento e Educação de Infância. Universidade Pedagógica, imene inayamba mu 1985 ngati sukulu yaukachenjede ya aphunzitsi, inagawidwa mu 2019 kukhala mayunivesite asanu, ndipo ife a ku Tete pamodzi ndi a ku Manica tinagwera ku Universidade Púnguè.

Mwana wanga anakhoza mayeso olowera, ndipo anapita. Tinagulitsa mbuzi zitatu ndi mbatatesi ya munda wonse wa kudambo. Panopa ali chaka chachitatu.

Tchuthi choyamba anabwera ndi mapepala ambirimbiri ofotokopa, mayina a azungu ali mbwee. Anakhala pamkeka ndi azakhali, ine ndikupeta nyemba chapafupi, n'kuyamba kuwamasulira. Friedrich Froebel wa ku Germany, amene mu 1840 anatcha sukulu yake munda wa ana, ponena kuti mwana ndi mbewu ndipo kusewera ndiyo ntchito yake. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, amene mu 1907 anatsegula nyumba ya ana m'dera la amphawi ku Rome, n'kupanga timipando tofanana ndi msinkhu wa anawo ndi tizinthu toti azigwira ndi manja powerengera. Azakhali anatulutsa thumba lawo la zitsekerero n'kufunsa ngati mayi ameneyo ankatanthauza zoterezi. Mwanayo anati inde, agogo, n'zomwezo, kungoti iye ankaziika mwa ndondomeko, kuyambira chophweka. Anathera madzulo onse akugawa zitsekererozo m'tizitini, za mtundu umodzi pazokha, zazikulu pazokha. Anawafotokozeranso za Lev Vygotsky, amene anati pali zimene mwana amachita yekha, ndipo pali zimene angachite ngati wamkulu kapena mnzake amugwira dzanja pang'ono, ndiye mphunzitsi azigwira ntchito pakati pamenepo. Azakhali anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndi mmene mtsikana amaphunzirira kusenza ndowa: umayamba wamugwirira mbali imodzi. Ndinasiya kupeta. Ndinali ndisanamvepo Vygotsky akumveka bwino chotero.

Tchuthi chachiwiri anabwera ndi zina zimene zinandikhudza kwambiri. Anali ataphunzira za zakudya ndi kakulidwe ka ubongo, za masiku 1,000 oyamba kuchokera pamene mayi waima kufika pamene mwana wakwanitsa zaka ziwiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Mozambique muno ndi opinimbira. Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano timadzitama kuti ndife nkhokwe ya chigawo, malole amatuluka odzaza chimanga, nyemba ndi kabichi kutsikira ku Tete, koma ana opinimbira ali m'kalasi mwangamu, chifukwa soya ndi mtedza zimapita kumsika ndipo mwana amatsala ndi phala lamadzi la ufa woyera. Iye anakambirana ndi amayi a komiti kuti aliyense azisiya mbale imodzi ya mtedza pokolola. Anawasonyezanso azakhali kayesedwe kophweka: kuima kumbuyo kwa mwana n'kumutchula dzina chapansipansi, kugwetsa supuni iye asakuona, kufunsa mayi ake ngati amadzidzimuka chitseko chikamenya. Anawauza kuti kumeneko si kupima kwa dokotala, ndi kungodziwa woti atumizidwe kuchipatala msanga. Azakhali anayesa ana onse 40 sabata imeneyo.

Zimene ndaonazi zanditsimikizira kuti ndalama zathu sizinalowe m'madzi. Koma ndili ndi nkhawa ziwiri, ndipo sindizibisa.

Yoyamba ndi chilankhulo. Mapepala onse aja ali m'Chipwitikizi, ambiri olembedwa ku Brazil ndi ku Portugal, ndipo ana ofotokozedwa mmenemo ali ndi mabuku a zithunzi kuchipinda kwawo. Pamene mwana wanga anapita kokayeserera ntchito, kumene amati estágio, anamutumiza ku sukulu ya mkaka ya mumzinda, ya mpanda ndi makatungwe achitsulo, kumene ana amafika pa galimoto akulankhula kale Chipwitikizi. Anaphunzirako zambiri, sindikana. Koma mwana wa kwathu amalota m'Chichewa, amalira m'Chichewa, ndipo nzeru zake zoyamba zonse zili mmenemo: ndagi, phada, masanje, mayina a mbalame ndi a bowa. Ine ndikuidziwa nkhaniyi ndi thupi langa. Nkhondo itatithamangitsa tinakakhala kwa abale m'boma la Dedza, ndipo sukulu ndinayambira kumeneko, m'Chichewa. Chaka choyamba chisanathe ndinkawerengera agogo anga kalata. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera kudzera pa Calómuè, ndipo Chipwitikizi ndinachigwira msanga kuposa anzanga amene anayambira momwemo, chifukwa ine kuwerenga ndinkakudziwa kale, chatsopano chinali mawu okha. Boma nalonso linayesa zimenezi kuno kwathu. Kuyambira 1993 mpaka 1997 panali ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO, yophunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno ku Tete, ndipo pambuyo pake maphunziro a zilankhulo ziwiri analoledwa m'sukulu za pulayimale. Ngati n'zoona kwa mwana wa zaka 6, kuli bwanji wa zaka zitatu? Komabe ndaona ma escolinha ena kumene ana amaloweza manambala ndi masiku a sabata m'Chipwitikizi ngati zinkhwe, makolo n'kumaomba m'manja, pamene mwanayo ukamupatsa miyala isanu sangakuuze kuti ndi ingati. Ndikanakonda wophunzira aliyense wa digiri imeneyi asalandire pepala lake asanakhale miyezi ingapo m'chisakasa ngati cha azakhali, akunena nthano m'chilankhulo cha anawo, kaya ndi Chinyungwe, Chisena kapena Chichewa, ndipo aziyesedwa pa chimenecho monga amayesedwera pa Piaget, katswiri wa za kakulidwe ka nzeru za ana.

Nkhawa yachiwiri ndi imene achimwene akanaitchula ndikanasowa poyankha. Akamaliza akagwira kuti? Ine nditamaliza maphunziro boma linanditumiza ku sukulu, ndipo mwezi ukatha ndimalandira. Ma escolinha a m'midzi ambiri ali m'manja mwa makolo, mipingo ndi mabungwe, ndipo ogwiramo ndi odzipereka kapena olandira kangachepe. Malipiro enieni ali m'sukulu za mkaka zolipiritsa za ku Tete, ku Beira, ku Maputo. Ndiye mwana wa m'mudzi, wophunzitsidwa ndi mbuzi za m'mudzi, akathera kulera ana a anthu amene ali kale ndi zonse, ndipo kamnyamata kena kosamva kadzakhalanso pakona kuno. Sindingamudzudzule akasankha kumeneko, nayenso ayenera kudya. Chimene ndimalakalaka n'choti boma lililonse, Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, likhale ndi anthu angapo a digiri imeneyi olipidwa ndi boma, aliyense ndi njinga yamoto, oyendera ma escolinha khumi kapena khumi ndi asanu, kukhala tsiku lathunthu ndi mayi wa pamenepo, kumuphunzitsa ndi kuphunzira kwa iye. Ndipo atsikana a kalasi 10 ndi 12 amene akuthandiza kale m'ma escolinha apatsidwe khomo lolowera, maphunziro a Loweruka kapena a pa tchuthi pafupi ndi kwawo, zaka zimene agwira ziwerengedwe. Kuchokera ku Ulongué kufika ku Tete kokha ndi makilomita oposa 200. Mayi wa ana awiri sangasiye banja zaka zinayi.

Mwana wanga akuti monografia yake, kafukufuku womalizira digiri, adzalemba za ndagi ndi masewera a manja a kuno kwathu, mmene angagwirire ntchito pophunzitsa kuwerengera ndi kumva kusiyana kwa mawu. Wayamba kale kujambula agogo a m'mudzi pa foni. Ena amakana, amati za ana zimenezo zikachite chiyani ku yunivesite. Ena akayamba safuna kuleka.

Mwezi wa Januwale chaka chino, kutatsala masiku awiri kuti abwerere, achimwene anatulukira m'mamawa atanyamula mdzukulu wawo pa njinga, kamnyamata ka zaka zitatu. Anakhala pampando, tinapatsana moni, anafunsa za mvula ndi za feteleza, anazungulira ndithu. Kenaka anaitana mwana wanga. "Iwe, tamuone mng'ono wakoyu. Anzake akulankhula, iyeyu akungoloza ndi chala. Amake akuti n'zakumtundu."

Mwanayo sanayankhe msanga. Anavula nsapato, anakhala pansi pa dothi mpaka maso ake analingana ndi a kamnyamatako, n'kutulutsa m'thumba chitsekerero chimodzi, kuchiika pakati pawo. Anasewera nako pafupifupi ola lathunthu, achimwene akuonerera osanena kanthu. Pomaliza anawauza kuti kamwanako kakumva bwino ndipo kakumvetsa zambiri, koma apite nako ku chipatala cha ku Ulongué kuti akakaone odziwa, ndipo pakali pano kunyumba asamakapatse chinthu kakangoloza, azikatchulira dzina la chinthucho n'kudikira pang'ono. Anawalembera pa pepala zoti akanene kwa dokotala.

Achimwene analipinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Pokwera njinga anandiuza kuti iwo akuonabe kuti zaulimi zikanamupatsa mwana wanga ntchito msanga, ndipo ine ndinati mwina n'zoona. Tsiku la ulendo anabwera pa siteji ya chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndi thumba la mbatatesi, analikweza okha pamwamba, n'kumufunsa mwanayo pawindo kuti adzabweranso mwezi uti, chifukwa amake a kamnyamata kaja ali ndi mafunso ena.